Mtumbira wa Maeshowe: Manda Akale Amene Dziko Likusunga

Kumpoto kwa dziko la Scotland, pa zilumba za Orkney, kuli mtumbira waukulu wotchedwa Maeshowe. Munthu pouona ali patali angayese chulu chomera udzu pakati pa minda, koma m'kati mwake muli manda amene anamangidwa zaka pafupifupi 2,800 Yesu asanabadwe. Msinkhu wake ndi mamita 7, ndipo m'mimba mwake mamita 35.

Anthu amene anaumanga sanadziwe chitsulo ngakhale kulemba, ndipo maina awo anaiwalika. Komabe anayala miyala ikuluikulu mwaluso lodabwitsa. Wolowamo amayenda chowerama m'kanjira kopapatiza kufikira m'chipinda chapakati, chimene chili ndi tizipinda titatu m'mbali mwake. Mwezi wa December, pamene usana umafupika koposa kumeneko, dzuwa likamalowa kuwala kwake kumadutsa m'kanjirako ndi kukagwa pa khoma la m'kati. Apa tiona kuti anthuwo analemekeza akufa awo kwambiri.

Mvula ndi mphepo sizinauthe mtumbirawu. Amene anauvulaza ndi anthu. M'zaka za m'ma 1100, ankhondo otchedwa Viking analowamo poboola denga, nazokota mawu pafupifupi malo 30 pa makoma, ena maina awo, ena kudzitama za chuma. M'chaka cha 1861 James Farrer anakumbanso cha kudenga, koma za eni manda anapeza zochepa zedi. Zimene mandawo akadatiphunzitsa zinatayika, ndipo sizidzabweranso.

Pofuna kuletsa chionongeko chotere, m'chaka cha 1882 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loteteza malo akale. Mu 1910 boma linatenga Maeshowe m'manja mwake, ndipo mu 1999 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi pamodzi ndi malo ena a ku Orkney. Lero alendo amalowamo pang'onopang'ono, motsogozedwa ndi woyang'anira.

Ife timadziwa kuti ku manda sikupita munthu mwachisawawa. Koma ulemuwo kawirikawiri umatha pamene achibale atha. Maeshowe atikumbutsa kuti manda opanda mwini ndi manda ndithu. Makolo, tiphunzitse ana zimenezi. Inu achinyamata, mukapeza mafupa, mbiya kapena mikanda ya makedzana polima, musafukule. Kauzeni amfumu ndi a boma osunga zinthu zakale.