Matenda a ng'ombe anachepa, koma malire anakhalabe otseka

Pa 20 Malichi 1996, nduna ya zaumoyo ya ku Britain, a Stephen Dorrell, anauza aphungu ku London zimene boma linakhala likukana kwa zaka zingapo: matenda a misala ya ng'ombe, amene akatswiri amawatcha BSE, ayenera kuti ndiwo anali kupha achinyamata ena m'dzikomo. Patangotha sabata imodzi, bungwe la European Union linaletsa Britain kugulitsa nyama ya ng'ombe kudziko lililonse.

Mantha amenewo anali ndi maziko. Ng'ombe imadya udzu, koma pofuna mkaka wambiri, alimi ankaipatsanso chakudya chopangidwa ndi zotsala za kophera nyama: mafupa, matumbo, ngakhale ubongo, zophikidwa n'kugayidwa kukhala ufa. Mwa njira imeneyi ng'ombe inkadya ng'ombe inzake. Chimene chinkayenda mu ufawo si kachilombo ngati ka chimfine, koma puloteni yopindika molakwika yotchedwa prion. Ikafika mu ubongo imapindanso mapuloteni abwinobwino, imodziimodzi, mpaka ubongowo kubooka timabowo ngati chinkhupule. Pamadutsa zaka 4 kapena 5 ng'ombe ikuoneka yathanzi, kenaka imayamba kudzandira, kudzidzimuka popanda chifukwa, n'kugwa. Kuwotcha kapena kuwiritsa nyamayo sikuiwononga puloteniyi, ndipo mankhwala ake palibe mpaka lero.

Matendawa anadziwika mu 1986, ndipo ufa wa nyama uja unaletsedwa kwa ng'ombe mu 1988. M'chaka cha 1992 chokha ng'ombe pafupifupi 37,000 zinapezeka nawo. Zonse pamodzi zinaposa 180,000, ndipo zoposa 4 miliyoni zinaphedwa pofuna kuthetsa mliriwo. Anthu 178 a ku Britain anamwalira ndi vCJD, mtundu wa matendawa umene umagwira munthu. Mu 1990 nduna ya zaulimi, a John Gummer, anali atapatsa mwana wawo wamkazi bega ya nyama ya ng'ombe pamaso pa atolankhani posonyeza kuti nyama ili bwino. Chithunzi chimenecho anthu sanachiiwale, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene mawu a boma akuti "idyani, palibe vuto" anasiya kumveka.

Apa ndi pamene nkhani ya chipatala inasanduka ya msika. Mu 1999 European Union inaona kuti Britain yakonza zinthu ndipo inatsegula malonda. France inakana, ikunena kuti akatswiri ake sanakhutire, pamene m'makola a ku France komweko BSE inalimo. Alimi a ku Britain anati uku n'kutetezera alimi anzawo a kutsidya, osati odya nyama. Khoti la European Union linagamula mu Disembala 2001 kuti France yaphwanya lamulo, komabe chiletsocho chinachoka mu Okutobala 2002.

America nayo inalawa zowawa zomwezo. Mu Disembala 2003 ng'ombe imodzi yokha, yobadwira ku Canada, inapezeka ndi BSE m'chigawo cha Washington. Japan ndi South Korea anatseka zitseko nthawi yomweyo. Japan inatsegula mu 2005, koma kwa ng'ombe zosapitirira miyezi 20, poti prion imachuluka m'ng'ombe zokalamba, ndipo malire a msinkhuwo anachotsedwa mu 2019. Ku Seoul, boma la South Korea litavomera nyama ya ku America mu 2008, anthu miyandamiyanda anadzaza misewu atanyamula makandulo, mpaka pulezidenti Lee Myung-bak anapepesa. America inadandaula kuti anzakewo sakutsata sayansi. Koma America yomweyo inalola nyama ya ku Britain mu 2020, patatha zaka zoposa 20, matendawa atatsala pang'ono kutheratu.

Lamulo lilipo. Kuyambira 1995, mgwirizano wa bungwe la zamalonda la WTO umati dziko lili ndi ufulu woletsa chakudya poteteza anthu ake, bola chiletsocho chikhale ndi umboni wa sayansi. Vuto lili pa kulitsatitsa. Mu 1998 WTO inapeza kuti European Union inalibe umboni wokwanira poletsa nyama ya ng'ombe zopatsidwa mahomoni okulitsa, koma Ulaya sanasunthe. America inabwezera mu 1999 poika msonkho wokwera pa katundu monga tchizi cha Roquefort, ndipo opanga tchizi amene sanali nawo m'mlanduwo ndi amene analipira.

Kubwezera kotero n'kwa olemera. Zimbabwe inali ndi mwayi wogulitsa matani 9,100 a nyama ku Ulaya chaka chilichonse, ndipo inautaya mu 2001 kutabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe aja amavuta ku Chikwawa ndi Nsanje. Matenda amenewa amasakaza ziweto, koma sadwalitsa wodya nyama monga BSE. Kuteteza makola a ku Ulaya kunali koyenera. Kusiyana kwake n'kwakuti Britain inali ndi khoti lothamangirako ndipo America inali ndi msonkho woopsezera, pamene Zimbabwe inalibe chilichonse mwa ziwirizi.