Ntchito yabwino imasiya mbewu

Chaka chilichonse ikafika Novembala, boma limatseka usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi mpaka kumapeto kwa Disembala kuti chambo chiswane. Pa doko timamva madandaulo omwe aja: "Nanga ana adya chiyani?" Funsoli ndi loona, sitingalinyoze. Koma likutikakamiza kufunsa lina: kodi ntchito timaigwira chifukwa cha ndalama ya lero yokha?

Mlimi aliyense amadziwa kuti ngakhale njala ivute bwanji, mbewu sadya. Amene wakazinga mtedza wa mbewu mu Okutobala wakhuta tsiku limodzi, koma wadzisainira njala ya chaka chamawa. M'madzi ndi chimodzimodzi. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa. Tikachikola nthawi imeneyo, taphera limodzi mayi ndi ana. Tikakokera kasawala ndi neti ya udzudzu, takazinga mbewu ya m'nyanja.

Izi si nthano ayi. Nyanja ya Malombe inkadyetsa mabanja ambiri ndi chambo, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chinali chitachepa kwambiri chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Mu 1993 kunayamba makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, kuti asodzi eni ake aziteteza nyanja. Anthu a ku Malombe sanali aulesi. Ankagwira ntchito usiku ndi usana, koma khama lopanda malire linadya nkhokwe yawo yomwe.

Tsono taonani ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pa chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala, asodzi n'kubwerera kumtunda kukalima. Nyengo ya usodzi mowa ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo. Akatsegula, utaka umapezeka. Anthuwa anazindikira kuti kudikira nakonso ndi ntchito. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife Asilamu tinaphunzira ku madrasa kuti riziki limachokera kwa Allah, koma munthu amalitsata ndi manja ake. Mtumiki Muhammad (SAW) anawetako nkhosa ndipo anachita malonda. Mneneri Nuhu anakhoma chombo. Ntchito ya manja si chilango, ndipo khasu kapena nkhafi sizichotsa ulemu wa munthu. Koma nyanja ndi nthaka ndi amana, katundu amene tasungitsidwa. Wosungitsidwa katundu amadzafunsidwa.

Ndiye ntchito yabwino tiziiyesa ndi mafunso atatu. Kodi yadyetsa banja ndi chakudya cha halali? Kodi yasiya mbewu, m'munda kapena m'madzi? Nanga yamusiya bwanji munthu woigwirayo ndi anzake? Mwini bwato amene amapondereza alovi pogawana ndalama, kapena wogulitsa usipa amene amaika wabwino pamwamba, woola pansi, akhoza kulemera, koma mawu ake pa doko amapepuka. Mnyamata amene timamutulutsa m'kalasi kuti azikakoka khoka amabweretsa ndiwo lero, koma mbewu ija tayidyanso.

Abale ndi alongo, miyezi iwiri yotsekayi isakhale ya bawo ndi kudandaula. Mvula yoyamba imagwa nthawi yomweyi. Tiyeni tibzale chimanga ndi chinangwa, tikonze nazale ya mpunga kudambo, tisoke maukonde, timate mabwato. Amene anapata bwino nyengo ya usipa akumbukire mlovi wake ndi sadaka, kuti njala isamutumize kunyanja usiku mobisala. Ndipo a komiti akagwira neti ya udzudzu, tisawatenge ngati adani ngakhale mwini netiyo ali m'bale wathu.

Insha Allah, zidzukulu zathu zidzadya chambo chenicheni, osati kungochimva m'nkhani za agogo.