Tabitha Chawinga, Mkazi Wosewera Mpira

Dzuwa likapendeka, ana a ku Nkhotakota amasonkhana pamchenga m'mbali mwa nyanja kukasewera mpira wachikulunga. Kale atsikana ankangoima patali, pakuti akulu ankati mpira wa miyendo ngwa anyamata okha. Koma alipo mkazi wa m'dziko lathu lino amene anausandutsa ntchito yake. Dzina lake ndiye Tabitha Chawinga.

Tabitha anabadwa m'chaka cha 1996, nakulira m'boma la Rumphi, kumpoto. Ali wamng'ono ankasewera pamodzi ndi anyamata, ngakhale makolo ake ankamuletsa. Atakwana zaka 13 anamuka ku Lilongwe, nalowa m'gulu la atsikana lotchedwa DD Sunshine.

M'chaka cha 2014 anaitanidwa ku Sweden, dziko la chisanu chambiri, nakhala mkazi woyamba wa ku Malawi kusewera mpira ku Ulaya monga ntchito. Chinenero chinali chachilendo, zakudya zachilendo, ndipo abale anali kutali. Koma iye anapirira. Mu 2017, ali m'gulu la Kvarnsveden, anagoletsa zigoli 26, naposa akazi onse a m'magulu aakulu a dzikolo. Chaka chotsatira anapita ku China. Pambuyo pake anasewerera Inter Milan ku Italy, kumene anagoletsa zigoli 23, ndi Paris Saint-Germain ku France. Konse kuwiriko palibe anamuposa. Mu 2024 analowa m'gulu la Lyon.

Kodi ntchito yotere imagwirika bwanji? Wosewera amachita pangano ndi gulu lake, la chaka chimodzi kapena zingapo, nalandira malipiro. Tsiku la mpikisano ndilo limene anthu amaona. Koma monga msodzi amatha masiku akusoka ukonde ndi kumata bwato asanaone chambo, momwemonso wosewera amathamanga, nazolowera kuponya ndi kulandira mpira, masiku ambiri osaonedwa ndi munthu. Ayenera kumvera mphunzitsi wake, kudya bwino ndi kugona msanga. Ndiponso ntchitoyi siikhalitsa. Bondo likavulala akhoza kukhala miyezi yambiri osasewera, ndipo ambiri amaleka asanakwane zaka 40. Chifukwa chake wosewera wanzeru amasunga ndalama zake, osataya maphunziro.

Mng'ono wake Temwa, wobadwa mu 1998, anatsata mapazi a mkulu wake ku Sweden ndi ku China. Mu 2023 anathandiza gulu la akazi la dziko lathu, lotchedwa Scorchers, kutenga chikho cha COSAFA, atagonjetsa Zambia ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Mu 2024 anamuka ku America, ku gulu la Kansas City Current, nagoletsa zigoli 20, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho.

Tsono, ana inu, taonani. Mphatso siisankha mwamuna kapena mkazi, mwana wa kumapiri kapena wa kunyanja. Koma mphatso yopanda khama ifanana ndi mbewu ya mpunga yoiwalika m'nkhokwe. Anyamata asathamangitse alongo awo pabwalo. Atsikana nawonso akumbukire mwambi uja wakuti walira mvula walira matope.

Mafunso
1. Kodi Tabitha anamuka ku Sweden m'chaka chanji?
2. Ntchito ya wosewera mpira ifanana bwanji ndi ya msodzi?
3. Chifukwa ninji wosewera ayenera kusunga ndalama zake?