Munda wa Agogo a ku Nsaru ndi Funso la Mirathi

Ophunzira athu akafika pa mutu wa mirathi amathamangira masamu a magawo. Koma ma ulama a fiqh amayamba ndi funso lina: kodi chimene tikufuna kugawachi chinali cha womwalirayo? M'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe funsoli siliyankhika popanda mbiri, ndipo kawirikawiri mbiriyo imakhala ya mayi.

Titenge mayi wa Chichewa wobadwa cha m'ma 1930 kufupi ndi Nsaru. Sitikuwatchula dzina, poti otere ngambiri kuyambira ku Namitete mpaka ku Kabudula. Anabadwa fodya atalowa kale m'midzi. A. F. Barron anatsegula esiteti ya Mbabzi mu 1920, ndipo kuyambira 1926 bungwe la Native Tobacco Board linkayang'anira fodya wa alimi akumudzi. Mayiwa anakulira pa munda wa amayi awo, pansi pa atsibweni awo, eni mbumba. Msilamu wina wa ku Nkhotakota, telala, atamanga nawo nikah anadzakhala mkamwini. Analima, anamanga nyumba, koma dothi silinasanduke lake.

Kenaka kunadza maulendo a ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka Dr Banda anawaimitsa mu 1974 ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown. Amuna ena ankabwerako ndi njinga, ena anasanduka matchona. Mtchona amene mbiri yake yadukiratu, osadziwika ngati ali moyo, ndi amene mabuku athu amamutcha mafqud. Imam Malik, potsatira chigamulo cha Umar (Allah asangalale naye), anati mkazi adikire zaka 4 kenaka achite eda ya miyezi 4 ndi masiku 10. Imam Shafi'i m'maganizo ake omaliza anati adikire mpaka imfa itsimikizike kapena padutse nthawi yoti munthuyo sangakhalebe moyo. Kaya bambo anabwerako kaya ayi, zaka zonsezo wolima, wofukiza fodya wa chikopa ndi wolipira fizi anali mayi.

Mu 1967 boma linakhazikitsa malamulo a kalembera wa malo, ndipo mu 1968 ntchito ya Lilongwe Land Development Programme inayamba ndi ndalama za World Bank. Malo a banja analembedwa monga ndunda, ndi dzina la woimira banjalo, kawirikawiri mwamuna. Apa ndiye pagona mikangano yambiri ya lero. Adzukulu akaona dzina papepala amati malo anali a munthuyo. Ife tikuti ayi: woimira banja wasungitsidwa amana, sali mwini, ndipo amana salowa m'chuma chogawidwa.

Tsono mwamuna wa mayiwa akamwalira, chogawidwa ndi chimene chinali chake: makina osokera, ng'ombe, ndalama. Tikachotsa zamaliro, ngongole ndi wasiya, ngati wasiya mkazi, mwana wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, makolo ake atamwalira kale, Surat An-Nisa ikutipatsa njira. Pa magawo 32, mkazi atenga 4, mwana wamwamuna 14, aakazi 7 aliyense. Mwana wa mlongo wake, amene mwambo wa Achewa unkamuika patsogolo, salandira kanthu, ngakhalenso mchimwene wake.

Koma munda wa mbumba sulowamo. Tamvapo achibale a mwamuna akufuna kuugawa m'dzina la Shariya, kumsiyira namfedwa gawo limodzi mwa 8 la munda wa amayi ake enieni. Kumeneko nkulanda, ngakhale masamu atakhala olondola. Zimasintha ngati unali ukwati wa chitengwa, mkazi atapita kwawo kwa mwamuna, kapena ngati bambo anagula malowo ndi ndalama za ku Joni. N'chifukwa chake sheikh woitanidwa pa nkhani yotere, asanatulutse cholembera, ayambe wakhala pakhonde ndi agogo aakazi a pamudzipo, awafunse amene anaswa mphanje pamalopo ndi mmene mkamwini aliyense anafikira.