Galasi Loonongeka Libwerera ku Ng'anjo

Mai aliyense woumba adziwa kuti mbiya ikang'aluka pamoto nchito yatha. Dothi likapsa silibwereranso kukhala dothi, ndipo cotsala ndi phale lokazingira nshawa. Galasi lili ndi khalidwe lina. Lingasweke kapena kutuluka m'moto lopindika, koma mmisiri wodziwa alibwezera ku ng'anjo ndi kulikonza.

Anthu odziwika ndi luso limeneli muno mu Africa ndi Akrobo a m'dziko la Ghana, amene akhala m'matauni a Odumase ndi Somanya. Iwo apanga mikanda kucokera ku mabotolo otaidwa, ndipo ng'anjo zao zili pakhomo, kuseri kwa nyumba. Ng'anjoyo aimanga ndi dothi la pa culu cifukwa lipirira moto, ndipo m'kati mwace ayala zitsulo za galimoto yakufa zosanjikapo zikombole.

Poyamba atsuka mabotolo ndi kuwapatula monga mwa mtundu wace. Kenaka awasinja mu mtondo ndi kusefa kufikira atakhala ngati ufa. Ufawo authira m'zikombole za dothi zopakidwa dothi loyera kuti galasi lisamatirire. Pakati pa dzenje lililonse aimikapo kaphesi ka tsamba la cinangwa. Moto ukakolera ufa ugwirana, kaphesi kapsa, ndipo patsala ciboo copisapo ulusi. Mikanda ikazizira aipukuta pamwala ndi mcenga ndi madzi. Ina aijambula maluwa ndi ufa wa galasi wosakaniza ndi madzi, naibwezera pamoto kaciwiri kuti maluwawo agwire.

Si yonse imene ituluka bwino. Ina ikhala yofumbutuka cifukwa moto unacepa, ina ing'aluka. Pamenepa mmisiri ayenera kuganiza bwino, pakuti nkhuni ndi zodula ndipo tsiku lathunthu lapita. Mkanda wosapsa bwino ungabwerere m'cikombole ndi kulandira moto wokwanira. Wosweka ungasinjidwenso ndi kukhala ufa monga poyamba. Koma asanacite zimenezi afunika kupeza cimene cinalakwika, apo ai adzaononga nkhuni kawiri.

Zifukwa zazikulu zong'alula galasi zilipo ziwiri. Coyamba ndi kuzizira msanga. Galasi ligwirana pa kutentha kwa madigiri pafupi-fupi 800. Likayamba kuzizira, kunja kuuma ndi kufota pamene m'kati mukali motentha, kotero mbali ziwirizo zikokana. Mng'alu ungaoneke tsiku lomwelo, kapena patapita masabata, cinthu cili kale m'manja mwa wogula. Mankhwala ace ndi kudekha: kulibwezera pamoto ndi kulisiya lizizire pang'ono-pang'ono, osalionetsa mphepo.

Cifukwa caciwiri ndi covuta koposa. Magalasi onse aoneka ngati amodzi, koma la botolo, la pawindo ndi la mbale afutukuka mosiyana akatenthedwa. Mukawasakaniza agwirana bwino-bwino m'moto, koma pozizira lina lifota kupambana linzace. Colakwa cotere moto sungacicotse. Mungabwezere cinthuco ku ng'anjo kasanu, cidzang'alukabe pa malo omwewo. Ndico cifukwa cace nchito yopatula mabotolo, imene ioneka ngati yaing'ono, ndiyo ifuna maso a munthu wozolowera.

Mabvuto omwewa awapezanso amisiri a ku Ulaya ndi ku America amene apanga mbale ndi zokometsera m'nyumba ndi ng'anjo zamagetsi pakhomo pao. Kampani ya Bullseye ya mu mzinda wa Portland, imene inayamba mu 1974, igulitsa magalasi oyesedwa kale kuti afutukuka mofanana, ndipo ilangiza kuti pozizira galasi liimitsidwe kwa nthawi pa madigiri 482. Amisiriwa apeza kuti cinthu cimene cinapsa kale cifuna kutenthedwa pang'ono-pang'ono koposa poyamba, pakuti tsopano ndi cocindikala, ndipo moto waphuma ungaciphulitse cisanafewe n'komwe. Adziwanso kuti galasi losungunuka likonda kukhala locindikala mamilimita 6: lopyapyala likokera m'mbali mwace m'kati, locindikala kwambiri liyenderera ngati phala.

Palinso cina. Galasi lobwerera pamoto kawiri-kawiri, makamaka ngati linali ndi litsiro kapena mafuta a m'manja, lichita nkhungu yoyera pamwamba ndi kutaya kuwala kwace. Nkhunguyo aipala ndi kutsuka galasi asanaliochenso. Kunena zoona, pali nthawi imene kukonza kudya nkhuni zambiri kuposa kuyamba catsopano, ndipo mmisiri wocenjera aleka.

Wina wa inu awerengi angafune kuyesa ndi mabotolo ali mbwee kuseri kwa masitolo. Adziwe kuti fumbi la galasi ndi loipa m'cifuwa ndi m'maso. Wosinja amange nsalu pamphuno, ana akhale patali, ndipo mtondo umene wasinjidwamo galasi usabwererenso ku khicini.

Mikanda imene yapirira zonsezi Akrobo aitengera ku msika wa mikanda wa ku Koforidua, umene ucitika Lacinai lililonse. Ina aisungira cinamwali ca atsikana cochedwa dipo, pamene namwali abvekedwa mikanda yambiri m'khosi ndi m'ciuno, ina mwa iyo yosiidwa ndi agogo ace.