Banja louluka ngati mbalame

Chiperoni chikagwa ku Naperi, anthu amathamangira majuzi ndi mbaula. Koma ku Slovenia, chipale chofewa chikakuta mapiri, m'pamene ana a banja la Prevc amayamba ntchito.

Masewero awo ndi a ski flying. Munthu amamanga matabwa awiri ataliatali kumapazi, n'kutsetsereka paphiri pa liwiro loposa makilomita 100 pa ola, kenaka n'kudziponya m'malere.

Mu 2015, Peter Prevc adakhala munthu woyamba kuuluka mamita 250 ku Vikersund m'dziko la Norway. Mu March 2025, mlongo wake Nika adauluka mamita 236 paphiri lomwelo, mtunda omwe padalibe mkazi adaufikapo. Patangotha masabata awiri, mng'ono wake wa Peter, Domen, adatera pa mamita 254.5 ku Planica, n'kuposa mamita 253.5 amene Stefan Kraft wa ku Austria adauluka mu 2017. Mtundawu ukuposa mabwalo awiri a mpira ngati la Kamuzu.

Komatu ulemuwu amaugula ndi moyo wawo. Mu 2021, Daniel-André Tande wa ku Norway adagwa koopsa ku Planica, ndipo adakhala masiku angapo ali chikomokere m'chipatala. Atachira, adabwereranso paphiri.