KHANSA NDI UMPHAWI: CIFUKWA NINJI AMPHAWI AFA MSANGA?

Kale tinkamva kuti khansa ndi nthenda ya azungu ndi ya anthu olemera a m'tauni. Lero maliro a m'midzi yathu kuno kwa Chikomeni atiphunzitsa zina. Nthendayi igwira munthu aliyense, koma amene ifulumira kuwatenga ndi amphawi, makamaka amai a kumudzi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2022 amai pafupifupi 660,000 anapezeka ndi khansa ya khomo la cibelekero, ndipo 350,000 anamwalira nayo. Pa imfa 100 zilizonse, 94 zinacitika m'maiko osauka ndi amene angoyamba kutukuka. Muno m'Zambia khansa imeneyi ndiyo ipezeka koposa zonse pakati pa amai.

Umphawi uyamba ndi kuitsegulira nthendayi khomo. Khansa ya khomo la cibelekero ibwera ndi kacilombo ka HPV, kamene anthu apatsirana pogonana. Mtsikana amene wasiya sukulu cifukwa ca kusowa ndalama, nakwatiwa akali wamng'ono, akumana ndi kacilomboka msanga. Mai amene ali ndi HIV angadwale khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzace amene alibe. Ngakhale m'nkhokwe mwathu muli ngozi. Banja losauka ligulitsa nshawa zabwino, lokha nkumadya zotsala, zacuku. M'cuku cimeneci mukhala poizoni wochedwa aflatoxin, amene ayambitsa khansa ya m'ciwindi.

Nthenda ikagwira, kusiyana kukulirakulira. Tiyerekeze amai awiri amene ayamba kutaya magazi pa nthawi yosayenera. Woyamba agwira nchito ku Lusaka: sabata lomwelo aonana ndi dotolo. Waciwiri alima thonje kuno kwathu. Iye ayamba wadikira, pakuti ndi nthawi yopalira. Kenaka ayesa mankhwala a zitsamba. Manyazi nawonso amtseka pakamwa. Pofika kucipatala miyezi yapita. Akamtumiza ku Lundazi, kucoka apo ku Chipata, mwina potsiriza amuuza kuti apite ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Cipatala cimeneci cinatsegulidwa m'caka ca 2007, ndipo kwa zaka zambiri ndico cokha m'dziko muno cinali ndi makina oocha khansa. Kucoka ku Lundazi ndi ulendo woposa makilomita 700.

Nzoona kuti Boma linacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi m'caka ca 2006. Koma ndalama ya basi ya anthu awiri, wodwala ndi womperekeza, aipeza kuti? Nanga cakudya ca masabata angapo m'tauni? Nanga munda ndi ana asiyira yani? Mabanja ena agulitsa mbuzi kapena njinga. Ena abwerera kumudzi ndi kalata ya kucipatala m'thumba, nangodikira tsiku.

Komabe khansa imeneyi ipeweka, ndipo icizika ikapezeka msanga. Kuyambira m'caka ca 2006 anamwino a m'Zambia akhala akupima amai popaka viniga pa khomo la cibelekero. Malo amene ayamba kudwala asanduka oyera, ndipo kawirikawiri acizidwa tsiku lomwelo, asanasanduke khansa. M'caka ca 2019 katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwaulere kwa atsikana a zaka 14 m'dziko lonse. Njira ziwirizi sizifuna munthu wolemera, koma munthu amene wauzidwa ndiponso waloledwa kupita.

Apa mpamene ife tingathandize. Azibambo, lolani akazi anu akapimidwe, ndipo aperekezeni. Makolo, musabise ana anu aakazi pa tsiku la katemera cifukwa ca mphekesera. Amai, kutaya magazi mutasiya kale kusamba, kapena mutakhala pamodzi ndi amuna anu, si nkhani yosunga mumtima. Pitani kucipatala msanga. M'miphakati yathu tidziwa kusonkha ufa ndi ndalama pa maliro. Mutu umodzi susenza denga: tiyeni tisonkhenso ndalama ya basi wodwalayo akali moyo. Ndipo akabwera aphungu ndi makhansala, tiwafunse kuti kupima amai kudzafika liti pa cipatala ciliconse ca kumudzi.